Khutu Langa ndi Mawondo Anga

Lolemba, 2 Juni

Chizungulire chayambiranso. Kungotembenuka pabedi, denga lonse kuyamba kuthamanga. Adokotala akuti vuto lili m'kati mwa khutu, timiyala tina tasuntha pamalo pake. Malangizo: osawerama, osadzuka mofulumira. Anandiyezanso mimba, palibe. Amuna anga a Cornelius analipo, akungogwedeza mutu. Wawo umagwedezeka bwinobwino.

Lachinayi, 5 Juni

Apongozi anga a Naphiri afika kuchokera ku Mitundu. Akuti kudzationa. Madzi osamba m'manja ndawapatsa chilili, dzanja lina litagwira mpando. Kugwada ndingagwade, koma kuweramako ndi kudzukako ndiye imfa. Sanasambe. Anayang'ana beseni, n'kuyang'ana mwana wawo. "Mawondo anawaiwala kusukulu eti?" A Cornelius maso pa foni.

Lamlungu, 8 Juni

Apongozi ndawafotokozera zonse, mofatsa, ngati ndikuphunzitsa Sande sukulu. Yankho lawo: khutu lili kumutu, mawondo ali kumiyendo, zikukumana pati?

Pochokera kutchalitchi ndapempha a Cornelius kuti awauze okha zimene adokotala ananena. Akuti amayi ndi akale, ndizisiye, zitha zokha. Munthu wotsutsana ndi wailesi mpira ukamaulutsidwa, kwa amayi ake pakamwa pamauma.

Lachitatu, 11 Juni

Kushopu ya nsalu ku Area 2, abwana a Sarla andiletsa kukwera makwerero, andiika pakauntala. Osati chifundo. Akuopa ndingagwere pagalasi lawo. Komabe iwo akhulupirira, n'zoposa kunyumba.

Poweruka ndimayenda chogwira makoma. Woitanira minibasi wina: "Masiteni mwalawiratu lero, ndi kachasu kapena?" Anzake kuseka. Ndikanatembenuka kuti ndimutukwane ndikanagwera m'ngalande.

Kunyumba ndapeza nkhani yapsa. Apongozi aitanitsa ankhoswe, a Zikhale, amalume awo a Cornelius. Mlandu: mwano. Akuti mkazi wosagwadira apongozi abwerere kwawo akalangizidwenso.

Loweruka, 14 Juni

A Zikhale anabwera atavala suti, chigamulo atachitenga kale kwawo. Ndigwade, ndiwerame, ndipepese, basi banja lipitirire. Ndinayang'ana a Cornelius. Liwu limodzi lokha likanakwana. Iwo anali kuwerenga maluwa a pakatani.

Chabwino. Ndinagwada. Ndinawerama mpaka chipumi pansi, kuti asadzati ndinachita mwachinyengo. Pabalaza ponse panatembenuzika. Ndinasanzira chitenje cha apongozi ndi nsapato za ankhoswe, kenako mlomo patebulo. Magazi.

Mwadzidzidzi nthungululu. Apongozi! "Ndi pakati apa! Inu ana, osanena bwanji? Zaka zonsezi tikudikira!" A Zikhale kumugwira chanza mphwawo, nsapato zili chonchobe. Ine pansi, nditakumbatira mwendo wa tebulo kuti dziko liime. A Cornelius analandira chanzacho.

Lolemba, 16 Juni

Apongozi apita dzulo, akuvina. Asiya lamulo: ndisagwade, ndisanyamule kanthu, ndizidya mazira. Akuti mwezi wamawa atumiza nkhuku. Pofika pano Mitundu yonse yamva.

A Cornelius m'mawa uno, akupaka batala pabuledi: "Zatiyenderatu bwino. Tisawauze kaye."

Zawayendera iwo. Miyezi ikatha mimba osaoneka, adzafunsa ndani? Mwana wawo ayi. Adzati uja wamwano uja anakachotsa, ndipo wochotsa mimba sapatsidwa mwayi wogwada. Apo a Cornelius adzapezanso china choyang'ana.

Ndawauza kuti awaimbire foni amayi awo iwo eni, apo ayi ndiimba ine, ndipo ndinena zoti analipo pondiyeza. Akuti ayambe atsuka galimoto. Panopa akutsuka matayala kachiwiri.

Mlomo watupa, mawu akutuluka mopindika. Amva choncho. Ndakhala pansi, msana kukhoma, mutu chilili. Nambala ya apongozi ndaipeza. Ikuitana.