Mashoko a Njinga ya Malemu Nasir

BUNGWE LA AKABAZA A NJINGA ZAMOTO LA TIYANJANE, SENGA BAY
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Lachitatu, 11 Juni 2025
Malo: M'shedi ya pa siteji

Omwe analipo: Bambo Binali (Wapampando), Bambo Mateyu (Wachiwiri), Mayi Eveles (Msungichuma), Bambo Gift (wokonza njinga za mamembala), Bambo Pitala (Mlembi).
Oitanidwa: Mayi Hidaya, mkazi wa malemu Nasir, ndi Bambo Tahir, woyendetsa njinga.
Omwe sanabwere: Bambo Chimwemwe, popanda uthenga.

1. Kutsegulira

Msonkhano unayamba 2 koloko masana. Bambo Mateyu anapemphera ndipo Bambo Tahir anapereka dua. Wapampando anati nkhani ndi imodzi, ndi yaifupi, aliyense abwerera kukapha makwacha msanga. Anati zolembedwa za msonkhano wapitawo zidikire.

2. Chiyambi cha nkhani

Wapampando anakumbutsa komiti kuti membala wathu Bambo Nasir atamwalira mu Januwale, njinga yawo, modelo ya 2023, inakasungidwa kunyumba kwa Wapampando monga mwa chizolowezi cha bungwe, mpaka Mayi Hidaya atamaliza eda, miyezi imene mayi wamasiye amakhala m'nyumba. Eda itatha, komiti inapereka njingayo kwa Bambo Tahir kuti aziyendetsa, mayiwo ndi ana azipezapo chakudya.

Lolemba lapitali Bambo Tahir ananyamula kasitomala, Mayi Esha, ndi dengu la usipa kupita ku Salima. Atafika pa bampu, tayala lakumbuyo linakhula madigadi ndipo njinga inagwa. Mayi Esha anasupuka bondo, usipa unamwazika mumsewu. Njinga ili m'shedi muno, sikuyenda.

3. Lipoti la wokonza njinga

Bambo Gift anati atayang'ana njingayo anapeza kuti mashoko akumbuyo si ake. Ndi a modelo ya 2017, aafupi ndiponso otopa kale. Anati kabuleta nayonso ndi yakale.

Wapampando anati ndiye kuti nkhani yatha: Bambo Tahir anamasula zipangizo zatsopano n'kugulitsa. Anapempha kuti Bambo Tahir abweze jekete yonyezimira ya bungwe lero lomwe ndipo asadzaimenso pa siteji ino.

Bambo Tahir anakana. Anati njingayo anaiyendetsa masiku ochepa chabe, ndipo tsiku loyamba lomwe anamva kuti kumbuyo kwakhala pansi, koma anaganiza kuti ndi chifukwa chokhalitsa m'nyumba. Anati kunyumba kwawo kulibe ngakhale sipanala. Anawonjezera kuti akachotsedwa pano ndi dzina la wakuba, palibe siteji ya ku Salima imene ingawalandire.

Mayi Eveles anati nkhani ya sipanala ndi yomveka, ndipo pa siteji pano wa masipanala ambiri ndi mmodzi yekha. Bambo Gift anafunsa ngati akunena iwo. Mayi Eveles anati sanatchule dzina. Bambo Gift anati ngati ndi choncho nawonso satchula dzina la munthu amene njinga yake inali yovuta kuliza chaka chonse chatha koma tsopano ikulira kamodzin'kamodzi. Bambo Mateyu anati yawo inayamba kulira bwino chifukwa anagula pulagi ku Salima, ndipo amene akufuna akafunse kusitolo. Palibe amene anali atawatchula.

Apa anthu analankhula onse nthawi imodzi. Mlembi sanathe kulemba zonse, ndipo zina mwa izo sizoyenera kulowa m'buku la bungwe.

4. Funso la Mayi Hidaya

Mayi Hidaya anapempha kulankhula. Wapampando anati oitanidwa amalankhula pa mapeto. Bambo Mateyu anati njinga ndi ya mayiwo, alankhule.

Mayi Hidaya anati iwo za njinga sadziwa, koma akufuna kumva chinthu chimodzi: mashoko a 2023 akamangidwa pa njinga ya 2017, amalowa?

Bambo Gift anati amalowa bwinobwino, mabawuti ndi amodzimodzi, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti njinga ziwirizi n'zofanana. Koma a 2023 ndi otalikirapo ngati zala ziwiri, choncho njinga yakale imaima itatukula kumbuyo, wokwera n'kumatsetserekera kwa woyendetsa.

Mamembala onse anatembenuka kuyang'ana njinga zomwe zinali panja. Zinalipo za Bambo Mateyu, Bambo Gift ndi Mlembi, zonse za 2017, ndipo zonse zinaima monga mwa nthawi zonse. Mayi Eveles anafunsa kuti ya Wapampando ili kuti. Wapampando anati lero abwera wapansi chifukwa adokotala anawauza kuti aziyenda. Atafunsidwanso, anati njingayo ili ku Chinguluwe, ikututa mpunga wa alamu awo, ndipo ibwera mwezi wamawa. Mlembi akulemba kuti chikhalire pa siteji ino sanawaonepo Wapampando akuyenda wapansi, ngakhale popita ku mzikiti womwe uli kuseri kwa shedi.

Wapampando anati komiti ikutaya nthawi ndipo ivote pa nkhani ya Bambo Tahir. Bambo Mateyu anati voti idikire mpaka njinga zonse za mamembala zitaonedwa. Wapampando anati mawu amenewo ndi achipongwe kwa munthu amene anayambitsa bungweli. Analamula Bambo Tahir kuti avule jekete poyembekezera voti. Bambo Tahir anavula n'kuiika patebulo.

5. Kufika kwa Bambo Chimwemwe

Voti isanayambe, Bambo Chimwemwe anafika pa njinga ya Wapampando n'kuiimika pakhomo penipeni pa shedi. Anapepesa chifukwa chochedwa. Anati yawo yaphulika tayala, ndiye Mayi Asma, akunyumba kwa Wapampando, anawabwereka iyi, yomwe inali kuchipinda itafunditsidwa chitenje. Posadziwa zomwe zikukambidwa, anapitiriza, ndipo Mlembi walemba mawu awo monga anawanenera: "Koma bwana, njinga yanuyi mwaidyetsa chiyani? Mabampu onse aja a ku Salima sindinamve n'limodzi lomwe. Kungoti kasitomala akumangondigwera kumsana."

Njingayo inaima itatukula kumbuyo, ndipo mashoko ake ankawala pakati pa zitsulo zadzimbiri. Bambo Gift anapita kukagwada pambali pake, anayeza ndi zala, anayang'ananso kabuleta, n'kubwerera pamalo pawo.

Wapampando anati kubwerekana zipangizo ndi chizolowezi chathu pa siteji, palibe amene sanabwerekepo. Anati njinga ya malemuyo inkangokhala, iwo anangosinthitsa kwa kanthawi, ndipo ankadziwa kuti modelo zonse n'chimodzimodzi. Bambo Mateyu anati wobwereka amapempha mwini wake. Mayi Eveles anati wobwereka savula mnzake jekete.

Mayi Hidaya anaimirira, natuluka kukagwira shoko limodzi, kenako anabwerera. Sanakweze mawu. Anati: "A Binali, ine kumanda sindinapite, koma anandiuza kuti munatsikira m'dzenje ndinu, kulandira thupi la bambo a ana anga. N'chifukwa chake makiyi ndinapereka kwa inu, osati kwa achibale."

Wapampando anachoka pampando wawo.

6. Zomwe komiti inagwirizana

Bambo Mateyu anatenga mpando. Komiti inagwirizana kuti mashoko ndi kabuleta zibwerere pa njinga ya Mayi Hidaya msonkhano usanathe. Kuti Bambo Binali akapepese kwa Mayi Esha. Ndiponso kuti udindo wawo ukakambidwe ndi mamembala onse. Mayi Hidaya anatenga jekete patebulo n'kuwapatsa okha Bambo Tahir.

Bambo Gift anafuna kuyamba kumasula, koma Mayi Hidaya anapempha kuti amasule amene anamanga. Bambo Binali anagwada pamchenga ndi sipanala, akabaza anzathu ndi ogulitsa nsomba akuonerera.

7. Zina ndi zina

Panalibe.

8. Kutseka

Msonkhano wa mamembala onse udzachitika Lachitatu, 25 Juni, malo omwewa. Aliyense adzabwere pa njinga yake. Msonkhano unatha itangokwana 4 koloko, Bambo Tahir ataliza njinga ndi kunyamula Mayi Hidaya kupita nawo kunyumba.

Mateyu, Wachiwiri kwa Wapampando: ______________

Pitala, Mlembi: ______________