Chikuku cha Magadalena ndi Mapichesi a Bambo Ezara

KOMITI YA ZAUMOYO YA MUDZI WA KAMPHATA, DEDZA
Tsiku: 22 Novembala 1984
Malo: Pakhonde la tchalitchi

Opezeka: Bambo Alufeo Mbewe (Wapampando), Mayi Jenifa Kachingwe (Mlembi), Bambo Ezara Chisale, Mayi Bernadetta Phiri (oimira Chipani), Bambo Kenan Zulu (a zaumoyo).
Osapezeka: Bambo Idrisa Sumaili, anapita ndi kachewere ku Chimbiya.

1. Kutsegula
Mayi Bernadetta anapemphera. Wapampando anayamba kuseka pemphero lisanathe.

2. Chikuku
Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwana wawo Magadalena anadwala chikuku ngakhale anabayidwa katemera ali khanda. Pamenepo Bambo Ezara anauza mudzi kuti katemera ndi madzi chabe, ndipo amayi ambiri anati sadzabayitsanso ana.

Wapampando anati Lolemba mwanayo anasowa pamphasa. Amayi ake anazungulira mudzi akulira. Anakamupeza pamwamba pa mtengo wa mapichesi wa Bambo Ezara, totupa tidakali kumaso, masaya atatukuka ndi mapichesi. Mayi Bernadetta anaimba nthungululu. Wapampando anapempha bata, koma iwo omwe anali ataimirira, akuvina.

Bambo Kenan anafotokoza kuti katemera amaonetsa thupi nkhope ya matenda. Mwana wina wobayidwa amatha kudwalabe, koma thupi limamkumbukira mdaniyo n'kumuthamangitsa msanga. Anati kutsidya kwa dambo, kumene ana sanabayidwe, aikako maliro awiri.

Bambo Ezara anafunsa kuti, "Nanga thupi lokumbukiralo, bwanji linaiwala mwini mtengo?" Mlembi analephera kulemba chifukwa cha kuseka.

Mayi Bernadetta anapempha Bambo Ezara kuti abweze mawu a madzi aja. Iwo anati sabweza, koma avomereza kuti ndi madzi amphamvu. Onse anagwirizana kuti a katemera abwere Lachinayi la sabata yamawa, ndipo Bambo Ezara ndiwo alengeze nyumba ndi nyumba.

3. Zina ndi zina
Bambo Ezara anavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti adzukulu awo atatu sanabayidwe chifukwa iwo ndiwo analetsa. Anafunsa ngati nthawi idakalipo. Bambo Kenan anati ilipo. Bambo Ezara anapempha kuti atatuwo adzakhale oyamba pamzere, ndipo adzawanyamula okha. Panalibe wotsutsa.

Msonkhano wotsatira: 6 Disembala, malo omwewo.
Komiti inabalalika 4 koloko madzulo.

A. Mbewe, Wapampando
J. Kachingwe, Mlembi