Chisomo wasesa munda wa Mjapani

Achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nsaru tili bwino, chifuwa cha amayi chachepa.

Loweruka ndinatengera ana kumunda uja anakonza Mjapani ku Namitete. Kuli bwalo la mchenga lomwe amajambulapo mizere yokhotakhota, yongoonera. Ine maso ali pa nsomba za padziwe, Chisomo wanu anatola tsache n'kusesa bwalo lonselo mpaka see! Anabwera akumwetulira: "Amayi aang'ono, nkhuku zinapalasapo, ndawakonzera."

Ndinamukalipira pagulu, chikhalirecho ndine ndinamuphunzitsa kusalekerera bwalo losasesa.

Kuyambira tsikulo tsache saligwira, amangoti, "Ndilakwitsanso." Chonde muimbireni foni, mumuuze kuti manja akewo ndi abwino. Ine ndayesa, koma sakundiyang'ana kumaso.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati