Chitsononkho chabwerera

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Kuno ku Ndirande tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Esinati anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kulongolola nakonso watengera inu. Kamunda ka kuphiri kaja sikanatichititse manyazi, ngakhale akuba ndiwo anayamba kulawa mondokwa.

Chondisowetsa mtendere ndi ngalande ya kuseri kwa nyumba. Chichitikireni chigumula chija, aliyense akutchinjiriza khoma lake. A Jafali a tsidya lija anamanga chipupa, oyandikana nawo anasanja matumba a mchenga, ifenso tinasanja athu. Pamene inu munkawoloka mutakwinya chitenje, lero ana amangodumpha. Pakamlatho ka matabwa paja pathina ngati khosi la botolo, ndipo nyumba yathu ili kumtunda kwake, pomwe madzi amaunjikana akasowa podutsa.

Mukukumbukira mmene munkadziwira? Mvula ikayamba munkaponya chitsononkho m'ngalandemo. Chikadutsa pakamlatho, munkabwerera ku mandasi anu. Chikayamba kuzungulira, munkatikwezetsa ufa ndi zofunda patebulo. Munkati madzi aphokoso ali paulendo, oopsa ndi amene akhala chete. Ine ndinkakusekani.

Dzulo masana kunagwa kamvula kochepa chabe. Ndinaponya chitsononkho. Chinapita, n'kuima, n'kubwerera kudzagunda pamatumba, pamapazi anga penipeni. Madzi anali zii, akungokwera. Ndinachita mantha, amayi. Nanga mvula ya Januwale ikadzabwera?

Ndayenda khomo ndi khomo kupempha kuti tikulitse njira ya madzi. Aliyense akuvomera, koma akuti ayambe mnzake. Paja munkati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lake tagonamo ndi ife.

Kuchipatala kuja munandigwira dzanja kuti ndisadzataye nyumba yomwe munaivutikira. Sindinaiwale. Koma Loweruka ndikuperekeza Esinati ndi mwana kwa achemwali anu ku Chilomoni. Ndikabwerako ndichotsa matumba athu, ndikhale woyamba ndine, ngakhale khoma litsale pamtetete. Mwina anzanga achita manyazi.

Ndikulonjeza kuilimbira nyumbayi mmene ndingathere. Koma ikagwa mundikhululukire. Ndinakuikani m'manda kamodzi, amayi. Sindikufuna kuika dzina lanu kachiwiri.

Ndimakukondanibe.

Ine mwana wanu,
Limbani