Kiyi wa loko wachiwiri

Lolemba, 10 Malichi 2025

Msonkhano wa komiti ya laibulale. Nkhani ndi yomwe ija: kiyi wanga. Chipinda cha mabuku atsopano chili ndi maloko awiri, kiyi wina ali ndi wapampando, aphunzitsi a Reinford, winayo ali ndi ine. Lamulolo tinaika tonse pamene ndinkapereka malo omangapo nyumbayi, kuti pasakhale munthu wotsegula yekha. Lero akuti lamulolo lakalamba. Lakalamba chifukwa lapinga iwo.

Ndawauzanso: mabuku akale amene anasowa aja abwere kaye, ndiye titsegule atsopano. Makatoni ali phee kuyambira pomwe anafika mu Novembala, palibe wawakhudza.

A Reinford: "A Benjamini, buku si fetereza woti n'kumabisa." Anthu aseka. A Festus a pagolosale aseka kuposa onse, mpaka kutsokomola. Ndawaona.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kusoka fodya tsiku lonse m'chigafa. Msana uwu. Mayi a kunyumba, a Esitere, aona chingwe m'khosi mwanga, ati, "Kiyiyo tidzakuikani naye m'bokosi?" Ndati inde, ndipo mudzaonetsetse kuti a Festus asayandikire.

Lachinayi, 13 Malichi

Tsiku la msika. Ndagula mtedza wokazinga, mayi wogulitsayo wandikulungira m'pepala lojambulidwa mtima wa munthu, mitsempha yonse ili mbee. Si nyuzi iyi. Ndi tsamba la buku.

"Pepalali mwalitenga kuti, mayi?"
"Amatipatsa kugolosale. Bwanji, mukufuna lina?"

Kugolosale! Ndapita nalo molunjika kwa Tabita, mtsikana woyang'anira laibulale. Walitembenuza, ati si lathu agogo, athu ali ndi chidindo. Chidindo chimakhala patsamba loyamba lokha, ameneyo akuganiza kuti sindidziwa? Pepalalo ndalisunga. Mtedza ndadya.

Loweruka, 15 Malichi

Tabita wabwera kunyumba. Wagwada bwinobwino, kupereka moni mpaka kufunsa za mbuzi. Munthu akafunsa za mbuzi zako ndiye kuti wadzera china.

Ati ana a Fomu 4 akubwera tsiku lililonse kudzafunsa mabuku a sayansi, mayeso ayandikira, iye akungowabweza. Ena asiya kubwera.

"Wakutuma ndani?"
"Palibe, agogo."
"Nanga ukuyang'aniranji pansi?"
"Ndiye ulemu wake, agogo. Ndikakuyang'anani muti ndine wamwano."

A Esitere aseka kukhitchini. Pochoka wandiuza kuti Lachisanu komiti ivota zondilanda kiyi. Ndiye chimene anadzera. Kapena anam'tuma kudzandiopseza, kapena wandimvera chisoni. Sindinadziwe.

Lamulungu, 16 Malichi

Pochokera ku Misa, njinga ya a Reinford yatsamira pakhonde la a Festus. Mkulu wa mpingo wa Chipresibiteriya, pagolosale, tsiku la Sabata. Chitseko chotseka.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndakumana ndi R. pamlatho. Atsika panjinga, chipewa m'manja, mawu ozizira ngati a namwino. Ati voti idzakhala ya timapepala kuti pasakhale kudana. Kuyambira kale timakweza manja, aliyense n'kuona mnzake. Timapepala tayamba liti?

Kenaka ati, "Musadandaule, tidzapeza wokulemberani."

Wondilembera! Ine sukulu sindinapondeko, zoona, koma zilembo ndinazitola ndekha pa mabelo a fodya ndi m'buku la nyimbo, popanda wondikwapula. Ndawauza kuti AYI wanga adzamuona ali kukhomo. Ati, "Sindimatanthauza choncho, achimwene." Achimwene lero.

Ndawerenga anthu m'mutu. R. ndi F. ndi amodzi. Amayi awiri a m'komiti amatsata R. Katekisiti, nayenso wa m'komiti, sadziwika, amagwedezera mutu aliyense.

Lachisanu, 21 Malichi

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Timapepala anadula kale, tili m'mbale patebulo. Ndinaimirira ndisanapatsidwe mpata. Ndati musanandilande, tiyeni nonse mukaone mmene munthu wosaphunzira amasungira katundu, mukayerekeze ndi mashelefu anu opanda kanthuwo. R. ati malamulo salola kudumpha ndondomeko. Katekisiti ati tiyeni tikaone. Tapita.

R. atsegula loko wawo, ine wanga. Fungo ndi limene linatilonjera. Ngati chimanga chogonera m'madzi.

Makatoni aja anafika pa lole mvula ikuwaza, ananyowa pang'ono pamwamba. Ine ndinawaunjika pamodzi n'kuwakuta ndi pulasitiki wakuda, n'kumanga zolimba ndi luzi, monga timachitira ndi fodya wosankha kale kuti mphepo isalowe. Mphepo sinalowedi. Nditamasula, pulasitiki yense thukuta m'kati. Makatoni ofewa ngati mkate. Mabuku apamwamba chuku chokhachokha, chobiriwira, masamba omatana. Apakati ena ali bwino. Apansi sindinafune kuona.

R. avula magalasi, apukuta, avalanso. Tabita watola limodzi, walitsegula, chikuto chatsalira m'manja. Sanalire, koma bola akanalira.

F. ndiye ati, "Asunga ndithu madala."

Palibe waseka. Voti sinachitike, anthu angobalalika, mbale ya timapepala yatsala patebulo.

Koma tsiku lokutalo R. analipo. Anagwira nsonga ya pulasitiki ndi manja awo. Sananene kanthu. Munthu wophunzitsa ana zaka zonsezo osadziwa kuti pepala limafuna mpweya? Kapena ankadziwa, n'kungondisiya. Izi ndiziganizirabe.

A Esitere sanandifunse chilichonse. Ndiye kuti amva kale.

Loweruka, 22 Malichi

M'mawa ndatenga mphasa zonse za m'nyumba, ndi chiguduli choyanikapo mtedza. A Esitere ati tigona pa chiyani, kenaka asenza okha ziwiri. R. ndinawapeza ali kale pakhomo, malaya opinda. Sitinapatsane moni wautali. Atsegula, ndatsegula.

Tayanika bwalo lonse la laibulale. Buku lililonse kulitsegula pakati, kulipukuta ndi kansalu, kuika kamwala kuti mphepo isatembenuze. Omatana ndikuwalekanitsa ndi mpeni wanga, pang'onopang'ono ngati kusenda chilonda. Ambiri apulumuka. Ena ayi. F. sanabwere, ati kuli makasitomala.

Anthu odutsa ayamba kuima. Ndinatenga ndodo kuti ndiziingitsa mbuzi, koma maso anali pa anthu. Ana asukulu akhala m'mbali mwa mphasa, kuwerenga chozondoka osakhudza, chifukwa akundiopa.

Mtsikana wina wamtali, ati dzina lake Diana, wagwada pa buku lalikulu la sayansi, lothimbirira m'mphepete. Wawerenga nthawi yaitali, dzuwa likumuotcha pakhosi. Kenaka wafunsa Tabita ngati angapite nalo mpaka Lolemba. Tabita wayang'ana R. Nawo R. ayang'ana ine. Wapampando ndi iwo, akuyang'aniranji ine?

"Ndiwe mwana wa yani?"
"Wa a Kalisto, kuseri kwa chigayo."
"Opala matabwa aja?"
"Eya, agogo."
"Kwanu ndikudziwako. Silinaumitsitse, ukafika ukalitsegule pamphepo. Usalikute ndi kanthu."

Walinyamula ndi manja awiri. Ndamuyang'ana mpaka wakhota pachigayo.

Ndabwera kunyumba kudzamwa madzi. Maloko onse awiri ndawasiya ali pawindo, chitseko chili pululu, ndipo palibe wandifunsa za kiyi. Kukuda cha ku Ntchisi. Ndibwerere ndikaanule.