Amayi Ali pa Chikwangwani

Namitete,
14 Meyi.

Elifasi mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Ndirandeko, iwe, alamu ndi ana. Kuno matupi ali bwino, chimanga tikukolola, koma za mtendere usafunse. Foni zanga sukuyankha, ndiye kalatayi ndapatsira a Cornelius, amene akubwera kumeneko, akupatse pamanja, usadzati sunamve.

Ukukumbukira mu Malichi unandisiyira foni yako yakale ija? Unati ndizijambula amayi akusankha fodya m'chigafa, iwe uzitumiza ku makampani a pa intaneti ogulitsa zithunzi. Ine chitsiru ndinavomera.

Zoyamba anazikana, ati zamdima. Zachiwiri ati zagwedezeka. Unandiphunzitsa kupukuta diso la kamera ndi kansalu, kujambula m'mawa dzuwa lili kumbuyo kwanga, kutsamiritsa chigongono pamtengo kuti dzanja lisanjenjemere. Ntchito zanga zinaima, amayi nawo masaya kuwawa ndi kuseka kokakamiza.

Ulendo wachisanu chithunzi chinatuluka bwino zedi, khwinya lililonse la amayi kuoneka. Anachikanabe. Unati vuto ndi botolo la madzi ogula limene amayi anagwira, poti kumeneko safuna dzina la kampani ina lioneke. Unandiuza ndimatule pepala la pabotolo ndijambulenso. Ndinamatula, chinalandiridwa, iwe n'kundiimbira ukuseka chikhakhali.

Iwe Elifasi, unakulira pano. Botolo lopanda pepala, madzi oyera mbee m'kati, lili m'manja mwa munthu woseka, kwathu kuno anthu amati muli chiyani? Tauni yakudya mutu eti?

Lachiwiri lapitali a Thandizo oyandikana nafe anabwera kuchokera kumsika ali wefuwefu. Bungwe lina lolimbana ndi uchidakwa linagula chithunzi chako chija, lamata padepoti ya maminibasi, pamsika, ngakhale pachigayo. Amayi athu aNaphiri, oti avala yunifolomu ya Chigwirizano cha amayi kumpingo zaka makumi atatu, oti thobwa likangoyamba kusasa amakhuthulira nkhumba, ali pamenepo kuseka ndi botolo. M'munsi mwake alemba kuti kachasu amapasula mabanja.

Amayi anakwera kabaza kukadzionera okha. Makondakitala anawazindikira, wina n'kuwafunsa kuti botolo akuchita zingati. Anabwerako wapansi. Ine ndinakang'amba zikwangwani zitatu, koma akuti zafika mpaka ku Nsaru.

Akulu ampingo awaitana Loweruka likudzali. Mpaka mlandu uthe, awaletsa kuvala yunifolomu ndi kudya mgonero. Ukudziwa iwe kuti chimwalirire abambo, chimene chawaimika amayi ndi mpingo womwewo.

Tsono pali china chikundidya m'mtima, ndipo ndakwiya nawe monga ndadzikwiyira ndekha. Pepala lachilolezo lija, loti wojambulidwa avomereze kuti chithunzi chake aliyense wogula achigwiritse ntchito, unati ndisachite kuwafotokozera, angavute. Atandifunsa, ndinawanamiza kuti ndi la makuponi a fetereza. Inki ndinawapaka ndine, chala ndinawagwira ndine.

Abusa atafunsa kubungweko, anawayankha kuti iwo alibe mlandu, chithunzi anachita kugula ndipo mwiniwake anadinda chala. Amayi analumbira pamaso pa abusa kuti sanadindepo chinthu chotere. Lero akuoneka chidakwa, akuonekanso wabodza.

Dzulo tikutonola chimanga anandigwira mkono. “Lucia, mboni yanga ndiwe,” anatero. “Ukawauze akuluwo kuti pepala limenelo sindinalionepo.”

Ndinangowerama, manyazi kundigwira mpaka kumapazi.

Mvera tsono. Chithunzicho uchichotse lero lomwe kumene unachiikako. Chija anachikana, chooneka dzina la madzi pabotolo, ukachitsukitse chachikulu ubwere nacho, poti ine kuno ndinafufuta foni itadzaza. Ukwere basi Lachisanu. Usanditumizire mameseji ako aja oti uli bize, ndipo usayerekeze kutumiza shuga ndi sopo m'malo mwa nkhope yako, ndidzakubwezera pa basi yomweyo.

Ubwere, usabwere, Loweruka ine ndikaimirira n'kunena zonse, ndi dzina lako lomwe. Amayi akamvera pagulu kuti amene anawachita zimenezi si abungwe, si akunja, koma ana awo awiri. Mwina yunifolomu akawabwezera, koma sindikudziwa ngati adzandiitanenso mboni yawo. Sindifuna kukaona nkhope imeneyo ndekha, chifukwa sindinalakwe ndekha.

Undiperekere moni kwa alamu, ndi kwa a Timothy akwathu kuno aja ngati mumaonana. Ana uwauze kuti agogo awo amawatchula m'pemphero tsiku lililonse, ndi iwe yemwe, poti sanadziwe zimene tinawachita. Mulungu akuyendetse bwino pamsewu.

Ndine mlongo wako,
Lucia