Andilemba m'nyuzi ya ophunzira

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndikadasesabe ku yunivesite kuja, mbali yomwe amaphunzirako utolankhani. Ndimafufuta bolodi, kutola mapepala ndi kuwiritsira aphunzitsi tiyi. Mumandidziwa, pagulu sindiyankhula.

Sabata yatha aphunzitsi anandipeza ndikukolopa, n'kundipempha kuti ndikhale pampando kutsogolo, ophunzira ayeserere pa ine kufunsa mafunso. Anati n'zongophunzirira basi. Ndinachita manyazi kuwakanira abwana. Anandifunsa zaka zanga ndi nthawi yomwe ndimadzuka. Mnyamata wina wamagalasi anafunsa ngati tsache langa lili ndi digiri, onse n'kufa nacho chiseko. Aphunzitsi anamukalipira kuti mtolankhani sanyoza munthu amene akumufunsa, ine n'kuona ngati ndili pakati pa anthu abwino.

Atatuluka, mtsikana wina ananditsatira kusinki komwe ndimatsukira makapu. Ankanditchula asisi, uku akundithandiza kupukuta. Anafunsa chomwe ndinalekezera sukulu ku pulayimale. Achemwali, chibwerereni kuno palibe anandifunsapo zimenezo. Pakamwa panangotseguka. Ndinamuuza za mimba ija, kuti mwana wangayo Kamakani mukulera ndinu, ndipo mpaka lero amadziwa kuti mayi ake ndinu, ine amanditi amayi aang'ono. Foni yake inali pambali pa makapu. Sindinadziwe kuti ikujambula mawu.

Lolemba ndinapeza nkhope yanga panyuzi yawo yophunzirira, ataimata m'khonde lomwe ndimakolopa. Za mwanayo zinali mumzere woyamba weniweniwo. Akuti amawaphunzitsa kuti chachikulu chizikhala pamwamba. Aiikanso pa intaneti.

Ndinalimba mtima n'kukagogoda ku ofesi. Aphunzitsi anandipatsa mpando, n'kundifotokozera mofatsa kuti pantchito yawo, ukafuna kuti chinthu chisalembedwe umanena usanayambe kuyankhula. Ukanena pambuyo ndiye kuti wachedwa. Kapena lamulolo analilembapo pabolodi lomwe ndimafufutalo, koma m'Chingerezi, ndipo ine palibe anandiuza. Pepala la m'khonde anamatula, koma za m'mafoni anati zapita kale kutali.

Ndamva kuti mtsikana uja wakhoza kuposa anzake onse. Tikakumana amayang'ana kukhoma, uasisi uja unatha. Alonda apageti nawo ayamba kundipatsa moni woti mwadzuka bwanji amayi aang'ono, kwinaku akutsinana.

Pempho langa ndi limodzi. Mnyamata wa aneba anu uja sachotsa maso pafoni, ndipo chilichonse akaona amaonetsa ana. Kamakani akangoona nkhope yanga adzafunsa kuti alembapo chiyani, ndipo mukumudziwa, sasiya mpaka amuyankhe. Chonde asapite kumeneko sabata ino. Ndapempha tchuthi, ndifika Loweruka. Mundipepesere kwa alamu, ndikudziwa tinapangana zodikira kuti mwanayo akule. Koma mundilole ndikhale naye pansi, inu muli pomwepo. Sindikudziwa kuti ndidzayambira pati, mwina ndidzangolira. Komabe amve kuchokera pakamwa panga, osati pa homuweki ya mwana wa eni.

Moni kwa amayi, alamu, achimwene ndi ana onse. Kamakani musamuuze kanthu, mungoti amayi aang'ono akubwera. Aka kakhale komaliza kumuuza choncho.

Ndine mng'ono wanu,
wotsiriza kubadwa